Mafunso Anu: Kusaka Zobisika ndi Foni M'manja

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za geocaching, masewera osaka timabokosi tobisidwa ndi anthu ena pogwiritsa ntchito GPS, njira yodziwira pomwe munthu ali mothandizidwa ndi masetilaiti. Tasankhapo asanu ndi awiri, ena tawafupikitsa.

Akonzi, mwana wanga ali ku Cape Town ndipo Loweruka lililonse amanditumizira zithunzi atanyamula timabokosi tomwe akuti watipeza m'mapiri. Akuti ndi geocaching. Kodi si juga imeneyi? M'timabokosimo mumakhala ndalama? — Mayi wa ku Ndirande

Mtima m'malo, mayi. Si juga, ndipo palibe amene amalemera nazo. Munthu amatenga kabokosi kosalowa madzi, n'kuikamo kabuku kosainamo mayina, n'kukakabisa pamalo amene akufuna kuti anzake akawaone. Akatero amalemba manambala a malowo pa Geocaching.com, ndipo aliyense amene ali ndi foni kapena kachipangizo ka GPS atha kupita kukasaka. Wopeza amasaina dzina ndi deti m'kabukuko, amabwezera kabokosi momwe anakapezera, kenako n'kulemba pa intaneti kuti wakapeza. Eni masewerawa kabokosiko amakatcha cache. Ife m'danga lino tizingoti chobisika.

GPS ndi ya asilikali a dziko la America, ndipo kale boma lawo linkasokoneza dala uthenga wochokera ku masetilaiti, moti chipangizo cha munthu wamba chinkatha kuphonya malo ndi mamita 100. Pa 2 Meyi 2000, mu ulamuliro wa Bill Clinton, kusokonezako kunathetsedwa. M'mawa mwake, pa 3 Meyi, Dave Ulmer anafuna kuyesa ngati GPS yayambadi kuloza bwino. Anabisa ndowa yakuda yapulasitiki pafupi ndi Beavercreek, m'chigawo cha Oregon, n'kulengeza manambala a malowo pa intaneti. M'ndowamo munali kabuku kosainamo, mabuku, mavidiyo, chitini cha nyemba ndi legeni, ndipo lamulo linali limodzi: ukatengamo kanthu, siyamonso kanthu. Pa 2 Sepitembala chaka chomwecho Jeremy Irish anatsegula Geocaching.com muli zobisika 75 zokha. Lero zilipo zoposa 3 miliyoni m'mayiko oposa 190, ndipo mu Africa muno dziko la South Africa, komwe kuli mwana wanuyo, ndi lomwe masewerawa anazika mizu kwambiri.

Zamkati mwake n'zotsika mtengo: tizidole, timabaji, tizingwe ta makiyi. Zambiri zimakhala ndi kapepala kosainapo kokha.

Ndikufuna kuyamba koma foni yanga ndi yotchipa ndipo bandulo imandivuta. Zingatheke? — Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe

Zitheka, achimwene. GPS ya m'foni simadya bandulo, chifukwa imangomvera masetilaiti omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 m'mwambamu, ndipo imafuna osachepera anayi kuti idziwe pomwe muli. Chomwe chimadya bandulo ndi kukoka mapu ndi tsamba la chobisikacho. Choncho kokerani zonse muli pamalo a netiweki yabwino, musananyamuke.

Tsegulani akaunti yaulere pa Geocaching.com. Pulogalamu yawo yapafoni, kwa munthu wosalipira, imangoonetsa zobisika zosavuta. Pa Android palinso c:geo, yaulere, yomwe imakulolani kusunga zobisika ndi mapu m'foni kuti muziona ngakhale kulibe netiweki. Zikavutitsitsa, koperani manambala ndi malangizo papepala.

Musanasankhe, werengani zinthu zitatu patsamba lake. Choyamba ndi miyeso iwiri ya nyenyezi: D ikunena kuvuta kwa kusaka, T ikunena kuvuta kwa njira, zonse kuyambira 1 mpaka 5. T1 ndi malo ofikika ngakhale pa njinga ya olumala, pomwe T5 imafuna zida monga bwato kapena zingwe zokwerera thanthwe. Yambani ndi 2 kutsika m'munsi. Chachiwiri ndi kukula: micro ndi chosafika mamililita 100, small chimalekeza pa lita imodzi, regular pa malita 20, kupitirira apo ndi large. Oyamba kumene asathamangire micro, chifukwa zina n'zazing'ono ngati nsonga ya chala. Chachitatu, chomwe ambiri amadumpha, ndi zolemba za omwe anafikako posachedwa. Ngati anthu atatu otsatizana alemba kuti sanachipeze, kapena papita zaka ziwiri osafikako munthu, musawonongere thiransipoti.

Kuno kwathu zobisika n'zochepa komanso zotalikirana, ndiye yang'anani mapu kaye. M'thumba muike bolopeni yanu, madzi akumwa, tochi, ndi chotchajira choyenda nacho, pakuti GPS ikayaka pamodzi ndi sikirini yowala padzuwa batire limatha msanga.

Kawiri konse ndafika pomwe foni ikuti kwatsala mamita awiri, koma muvi umangozungulira, uku uloze kumpoto, uku kumwera. Ndabwerako chimanjamanja. Ndikulakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Zomba

Mukufuna kuti foni igwire ntchito yomwe ndi ya maso. Pamtetete, kumwamba kukuoneka bwino, foni yabwino imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu. Pansi pa mitengo yowirira, m'chigwa, m'mbali mwa thanthwe kapena pakati pa nyumba zosanja imaphonya ndi mamita khumi kapena kuposa, chifukwa uthenga wa setilaiti umatchingidwa, kapena umayamba wagunda khoma n'kufika mochedwa. Onjezani apo kuti amene anabisa uja nayenso chipangizo chake chinaphonya. Zophonya ziwirizi zikaphatikizana, chobisika chitha kukhala mamita 10 kapena 15 kuchokera pomwe foni ikuti ziro.

Kuzungulira kwa muvi kuli ndi zifukwa ziwiri. Mukaima, foni imangosinthasintha maganizo pa malo omwe muli, ndipo potsala mamita ochepa kusintha pang'ono kokha kumatembenuza muvi. Chinanso ndi kampasi ya m'foni, yomwe imasokonezeka ndi zitsulo, mipanda yawaya, galimoto, ngakhale maginito a chikwama cha foniyo. Ikonzeni poiyendetsa m'mwamba ngati mukulemba 8, kangapo.

Chitani chonchi. Mukafika pa mamita khumi, bwererani m'mbuyo mamita 30, mubwerenso mukuyenda mosaima, muone pomwe muvi ukulunjika. Bwerezani kuchokera mbali ina. Pomwe njira ziwirizo zadutsana ndiye pakati pa malo osaka. Apo ikani foni m'thumba, muime, mudzifunse kuti mukanakhala inu mukanabisa pati. Funani chinthu chomwe sichikugwirizana ndi malowo: miyala itatu yosanjikizana bwino kwambiri, timitengo toyalidwa mofanana patsinde, bawuti yowala pa chikwangwani chadzimbiri, mwala wopanda ndere pakati pa miyala yandere. Timicro tambiri timakhala ndi maginito ndipo timamatidwa kunsi kwa benchi kapena kuseri kwa chikwangwani. Yang'ananinso m'mwamba, chifukwa zina zimapachikidwa panthambi.

Kukumba ayi. Malamulo salola chobisika chokwiriridwa, ndiye ngati mwayamba kuganiza za khasu, dziwani kuti mwasochera. Patsamba pamakhalanso hint, kachizindikiro kothandiza, kolembedwa mosokoneza zilembo mwa njira ya ROT13: chilembo chilichonse chimasinthana ndi cha 13 kutsogolo kwake, A kukhala N, B kukhala O. Pulogalamu imamasulira yokha mukadina.

Dzanja musalipise m'phanga kapena m'mphako musanaunike ndi tochi ndi kugogoda ndi ndodo. Malo ozizira amene wobisa amakonda ndi omwenso mphiri, zinkhanira ndi mavu zimakonda. M'miyezi yachilimwe samalaninso chitedze.

Tionjezepo vuto la manambala, lomwe lasocheretsa ambiri amene amalemba pamanja. Geocaching imagwiritsa ntchito madigiri ndi maminiti okhala ndi madesimo atatu, mwachitsanzo S 13° 58.500 E 033° 47.000. Nambala yotsiriza ikasintha ndi 1, mwasuntha pafupifupi mamita awiri, ndipo miniti yathunthu ndi mamita pafupifupi 1,850. Mukalemba 13° 58.500 ngati 13.585 mwalakwitsa, pakuti miniti ndi gawo limodzi mwa 60, ndipo yankho lolondola ndi 13.975. Kusiyana kwake ndi makilomita oposa 40. Mukaika N (kumpoto) m'malo mwa S (kumwera), kapena kuiwala chizindikiro chochotsera chomwe chimaimira kumwera, manambala a Lilongwe akakutulani ku Sudan. Pomaliza, chipangizo chikhale pa WGS84, muyezo wa mapu umene GPS imagwiritsa ntchito. Mapu akale apapepala a kuno anajambulidwa pa muyezo wina wotchedwa Arc 1950, ndipo kusakaniza ziwirizi kumakutayitsani mamita oposa 100.

Mukasaka mphindi 30 osapeza, lembani DNF, kutanthauza kuti simunachipeze. Ambiri amachita manyazi, koma ife timaona kuti DNF ndi uthenga wofunika kuposa wina uliwonse, chifukwa ndi njira yokhayo imene mwini wake angadziwire kuti mwina chinabedwa.

M'bokosi lina ndinapezamo kachitsulo kokhala ndi manambala, komangiriridwa ku kachidole. Ndinakatenga n'kusiyamo kabaji. Mnzanga akuti ndalakwa. — Namwino wa ku Manchester

Kukatenga simunalakwe, achemwali, koma kukasunga mungalakwe. Kameneko ndi ka trackable, ndipo kotchuka kwambiri ndi Travel Bug. Palinso tooneka ngati ndalama yachitsulo, totchedwa geocoin. Si kosinthanitsa ngati zidole zina zija. Kali ndi mwini wake amene anakagula n'kukatumiza paulendo, kawirikawiri ndi cholinga, monga kukafika dziko lakutilakuti.

Lowani pa akaunti yanu, lembani manambala omwe adindidwa pa kachitsuloko, musankhe kuti mwakatenga m'chobisika chakuti. Werengani cholinga chake. Mkati mwa sabata ziwiri kapena zitatu kasiyeni m'chobisika china chachikulu bwino komanso chofikako anthu pafupipafupi, ndipo polemba kuti mwapeza chobisikacho musankhenso kuti mwakasiyamo. Mukaiwala gawo lotsirizali kamaoneka ngati kakadali m'manja mwanu ndipo wotsatira amasokonezeka. Manambala ake musawaonetse pachithunzi cha pa Facebook kapena WhatsApp, chifukwa wina aliyense angawagwiritse ntchito kulemba zabodza. Ngati mukubwera nako kumudzi patchuthi, ganizirani kaye: mukakasiya m'chobisika chomwe anthu amafikako kamodzi pachaka, ulendo wake waima.

Pa zidole wamba, siyani chofanana mtengo kapena choposa chomwe mwatenga.

Kwathu kuno kulibe chobisika ngakhale chimodzi, koma kuli phiri lokongola. Ndikufuna ndibise changa, komanso ophunzira anga aphunzirirepo kuwerenga mapu. Ndiyambire pati? — Mphunzitsi wa Jogalafe, Dedza

Aphunzitsi, ganizo labwino, koma tisiyanitse ziwirizi. Za ophunzira chitani panokha: bisani timabotolo tisanu m'bwalo la sukulu, apatseni manambala m'magulu a anayi, mukatha mutolere. Zimenezo sizifunika kulembetsa, ndipo zobisika zapasukulu kapena pafupi kwambiri ndi sukulu nthawi zambiri sizivomerezedwa, chifukwa zimakokera alendo osadziwika komwe kuli ana.

Chakuphiri chija ndi udindo wa zaka. Likulu la masewerawa, lomwe lili ku Seattle, limalimbikitsa kuti munthu ayambe wapeza zobisika 20 asanabise chake. Kuno n'kovuta kufikitsa nambala imeneyo, koma pezaniko zingapo kuti muone ndi maso momwe bokosi limawonongekera.

Yambani ndi chilolezo. Malo ali ndi eni: ngati ndi a mudzi, kaonaneni ndi amfumu, muwaonetse bokosilo ndi zamkati mwake. Ngati ndi nkhalango yotetezedwa, pitani ku ofesi ya zankhalango. Kumanda ndi kudambwe musayerekeze n'komwe. Kwanuko kulinso mapanga a zojambula zamakedzana a ku Chongoni, omwe UNESCO inawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Malo otero si obisamo kanthu, chifukwa osaka amagwiragwira ndi kusuntha miyala. Pewaninso milatho ikuluikulu, njanji, mabwalo a ndege ndi malo a asilikali.

Chobisika chanu chitalikirane ndi china chilichonse ndi mamita osachepera 161. Musakumbe, musakhome msomali pamtengo, musapente thanthwe. Chisakhale chotsatsa malonda, ndale kapena chipembedzo, ndipo muchiike ndi cholinga choti chikhalepo miyezi itatu kapena kuposa.

Bokosi ndi pomwe ambiri amagwera. Kontena ya majarini kapena ya ayisikilimu chivindikiro chake chimangokhala pamwamba, dzuwa limachiumitsa, ndipo mvula yoyamba ya Novembala ikagwa kabuku kamasanduka phala. Chitini chimachita dzimbiri mpaka osatseguka. Botolo lagalasi limasweka n'kucheka wosaka. Gulani bokosi lapulasitiki yolimba, lokhala ndi mphira m'chivindikiro ndi zotsekera mbali zonse zinayi, la theka la lita mpaka lita imodzi. Liyeseni: ikanimo pepala louma, limizeni m'ndowa ya madzi usiku wonse mutalitsindika ndi mwala, m'mawa muone. Lomwe munali chakudya musaligwiritse ntchito ngakhale mutalitsuka, chifukwa fungo limatsalira ndipo makoswe ndi anyani adzaliboola. Pa chifukwa chomwecho, m'kati musaikemo masiwiti, sopo kapena chilichonse chonunkhira. Mipeni, machesi, mankhwala ndi mowa n'zoletsedwa, popeza ana nawo amatsegula.

Kabuku kaikeni m'kajumbo kotseka kukamwa, pamodzi ndi pensulo, pakuti bolopeni imauma kapena kudontha ikatenthedwa. Bokosi lonse musalikulunge m'jumbo kunja kwake. Jumboyo imasunga chinyontho, imaitana nkhono ndi nyerere, ndipo imaoneka ngati chinyalala. Pachivindikiro lembani kuti ndi geocache, ndipo m'kati muikemo kalata yachidule m'Chichewa ndi m'Chingerezi yofotokoza masewerawa, kuti mbusa wa mbuzi akalipeza mwangozi adziwe kuti si mankhwala kapena katundu wakuba.

Malo ake akhale amthunzi, okwera, osadutsa madzi a mvula, otalikirana ndi chulu. Ganizirani za moto wa tchire wa mu Seputembala ndi Okutobala: pulasitiki yobisidwa m'udzu imasungunuka, pomwe ya m'mng'alu wa thanthwe imapulumuka. Ganiziraninso za nyengo, chifukwa malo obisika bwino mu Febuluwale udzu uli msinkhu amakhala poyera pa lupsa.

Manambala musatenge kamodzi. Imani pamalopo mphindi ziwiri foni ikhazikike, lembani, chokanipo mamita 30, mubwerere, mulembenso. Chitani kasanu, makamaka pa nthawi zosiyana za tsiku, tayani yomwe yapatuka kwambiri, zotsalazo mupeze avereji. Kenako patsani mnzanu manambalawo osamuuza malo, muone ngati afika. Bokosi likhale lili kale pamalo pake musanatumize tsamba. Tsambalo limaunikidwa ndi reviewer, munthu wodzipereka wosalipidwa, amene kawirikawiri amayamba kuliona mkati mwa masiku asanu ndi awiri. Muuzeni zoona zokhazokha: mwabisa motani, bokosi lake ndi lotani, analoleza ndani.

Tsambalo likatuluka, bokosilo muzikaliona mvula isanayambe, itatha, komanso nthawi iliyonse wina akadandaula. Likawonongeka liimitseni kaye patsamba, mulikonze mkati mwa milungu inayi. Mukasamutsidwa ntchito, lipatseni mnzanu wamasewera kapena mulitseke n'kukachotsa bokosilo. Ichi n'chifukwa chake alendo odutsa saloledwa kubisa kutali ndi kwawo popanda wowasamalirira.

Popeza ndinu wa Jogalafe, ganiziraninso EarthCache, mtundu wa chobisika womwe unayamba mu 2004 mogwirizana ndi Geological Society of America. Umenewu ulibe bokosi. Wosaka amafika pamalo, amaona miyala kapena maonekedwe a nthaka, n'kuyankha mafunso amene mwakonza, omwe yankho lake silingapezeke osafikapo. Palibe chonyowa, palibe chobedwa, ndipo dziko lathu la mapiri amiyala ndi chigwa chachikulu cha nyanja lili ndi zophunzitsa zambiri. Chilolezo cha eni malo chimafunikabe.

Ndikamasaka anthu amandiyang'ana ngati wakuba. Tsiku lina anandizungulira. Ndizitani? — Bambo wa ku Mulanje

Funso ili tikulitenga mwakuya, bambo. M'mayiko omwe masewerawa anayambira, osaka amalangizana kuti azichita mozemba kuti anthu osadziwa, omwe amawatcha ma muggle, asaone pobisika. Langizo limenelo m'midzi mwathu ndi loopsa. Mlendo woyenda mozemba, foni m'manja, akusuzumira m'tchire, amadzutsa mphekesera, ndipo inu a ku Mulanje mukukumbuka mu 2017 momwe mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu osalakwa.

Muziyenda masana, awiri kapena atatu. Perekani moni, mufunse njira ngakhale mukuidziwa, munene chomwe mwabwerera. Kumalo achilendo yambani mwaonekera kwa amfumu kapena tengani wokuperekezani wa konko. Wina akafunsa, muonetseni foni, mapu ndi chithunzi cha chobisika china. Apolisi kapena alonda akakuimitsani, nenani zoona, osathawa. Mukaona kuti anthu sakumasuka, chokanipo, mulembe patsamba zomwe zachitika kuti mwini wake aganizirenso za malowo. M'tauni, pomwe vuto ndi kubedwa kwa bokosi, dikirani anthu adutse, mukasainire chapatali pang'ono, mubwezere pomwe palibe akukuonani.

Patsamba ndimaona TFTC, FTF, CITO. N'chiyani? Nanga anthu amenewa amakumana? — Wophunzira wa ku Chipata

TFTC ndi kuthokoza mwini chobisika. FTF ndi munthu woyamba kupeza chobisika chatsopano, ulemu womwe ena amadzukira nawo usiku. CITO, yomwe inayamba mu 2002, ndi mwambo wotola zinyalala pomwe ukusaka, ndipo pamakhala masiku omwe gulu limakumana kuti liyeretse malo.

Amakumana ndithu. Mkumano umalembetsedwa ngati chobisika, kutatsala masiku osachepera 14, ndipo uyenera kutenga mphindi 30 kapena kuposa. Ukafika anthu 500 umatchedwa Mega, ukafika 5,000 ndi Giga. Loweruka lachitatu la Ogasiti ndi tsiku la masewerawa padziko lonse. Ngakhale mutakhala anayi pansi pa mtengo wa mango, umenewo ndi mkumano wovomerezeka, bola mwaulembetsa ndipo aliyense ndi wololedwa kufika.

Polemba kuti mwapeza, musangoti TFTC basi. Lembani mizere itatu kapena inayi: njira inali bwanji, kabuku kali kouma kapena konyowa, masamba atsala angati, manambala anakufikitsani pafupi motani. Malo enieni obisika musawatchule, ndipo chithunzi chanu chisawaonetse.